Soto anatithawa, alamu anga akundiseka: ndani anapindula pa msika wa osewera baseball?

Funso la sabata ino lachokera kwa bambo wina wa kwathu amene akugwira ntchito ku New York. Ndalidula pang'ono:

"Akulu, ndithandizeni. Anzanga akuntchito ndi amene anandilowetsa mu baseball mpaka ndinasanduka sapota wa Yankees. Mu 2024 ndinagula jezi ya Juan Soto, nambala 22, mtengo wake wosakamba. Sizoni itangotha munthuyo anatithawa n'kupita ku Mets, timu ya alamu anga. Patha chaka tsopano koma mkangano sukutha. Iwo akuti Mets ndiyo inapambana pa msika chifukwa inakwatula wosewera wabwino koposa, ine ndikuti Yankees ndiyo inachita bwino chifukwa tinawina magemu ambiri popanda iyeyo. China chimene sindimvetsa: kwathu timu ikataya wosewera imalandira ndalama, nanga Yankees inalandira chiyani? Pano msika watsegulidwanso, mphekesera zili mbwee pa foni, ndipo alamu akufuna tibetcherane $300 pa timu imene ichite bwino chaka chamawa. Mayi a kunyumba alamula kuti nkhani ya baseball isamafikenso patebulo. Akulondola ndani?"

Achimwene, khazikani kaye mtima pansi, matendawa simukudwala nokha. Mkangano wanu ndi alamu anuwo ndi wakale kuposa inu ndi ine, moti eni masewerowa anaupatsa dzina kalekale, amati hot stove league, ligi ya pa mbaula. Kuyambira Novembala mpaka Febuluwale mabwalo amakhala otseka, kunja kukuzizira koti munthu sungaime, ndiye akale ankaunjikana mozungulira mbaula m'masitolo n'kumakangana za wosewera amene timu yawo igule kapena itaye. Masiku ano mbaula ija yasanduka foni. Ine ndaotha nawo moto umenewu zaka zoposa 15, ndipo ndapsa nawo kangapo, mumva kutsogoloku.

Alamu anu akuwerenga dzina la wosewera, inu mukuwerenga magemu a sizoni imodzi. Katundu weniweni wa pamsikawu ndi zaka: timu ikugula zaka zingati za munthuyo, ndipo zakazo zimupeza ali ndi msinkhu wanji. Mukagwira pamenepa, zambiri zimene zikukusokonezani zimasuka zokha.

Tiyambe ndi funso lanu la ndalama. Mu mpira wamiyendo umene tinakula nawo, timu ikafuna wosewera wa eni ake imalipira ndalama yomugulira, kontirakiti yakale imatha, yatsopano imasainidwa, ndipo wosewerayo akhoza kukana. Mu Major League Baseball sizitero. Mnyamata akangolowa mu ligi yaikulu wotchi imayamba kuyenda, ndipo masiku 172 ali m'gulu la timu amawerengedwa ngati chaka chathunthu. Zaka zitatu zoyambirira ambiri amalandira malipiro oyandikira otsikitsitsa, amene mu 2025 anali $760,000, ngakhale atakhala kuti ndiye wasenza timu yonse pamutu. Zaka zitatu zotsatira amaloledwa kukokana ndi timu pa malipiro, ndipo akalephera kumvana nkhani imapita kwa oweruza apadera amene amasankha mtengo umodzi, wa wosewera kapena wa timu, osagawa pakati. M'zaka 6 zonsezi timu ikhoza kumusinthanitsa ndi osewera a timu ina tsiku lililonse, iye n'kungolandira foni yoti alongedze katundu. Kontirakiti yake imapita naye mmene ilili. Akakwanitsa zaka 6 m'pamene amakhala free agent, mfulu yoti akhoza kusaina kulikonse, ndipo timu yakale silandira olo kobiri kuchokera ku timu yatsopano.

Ufulu umenewu sunabwere pa mbale. Kale kontirakiti iliyonse inali ndi chiganizo chomangirira wosewera ku timu yake moyo wake wonse wosewera. Mu Okutobala 1969 timu ya St. Louis Cardinals inatumiza Curt Flood ku Philadelphia atawasewerera zaka 12. Flood anakana kupita, nanena kuti iye si katundu woti n'kumagulitsidwa popanda kufunsidwa, ndipo anasumira ligi. Khoti lalikulu la America linamugwetsa mu 1972, ntchito yake yosewera itatha kale. Koma mpanda unali utayamba kugwedezeka. Mu Disembala 1975 woweruza wapadera Peter Seitz anagamula kuti Andy Messersmith ndi Dave McNally, amene anasewera sizoni yathunthu osasaina kontirakiti yatsopano, ndi mfulu. Bungwe la osewera, motsogozedwa ndi Marvin Miller, linagwirizana ndi eni matimu za zaka 6 zija mu 1976. Lilipo lamulo lina limene anthu amalitchulira dzina la Flood: wosewera amene wakhala zaka 10 mu ligi, zisanu zomaliza ali pa timu imodzi, sangasinthanitsidwe popanda iye kuvomera.

Ndiye mukati Soto anakuthawani, ine ndimati taimani kaye, tione mmene anafikira ku Bronx, kwawo kwa Yankees. Anayambira ku Washington Nationals mu 2018 ali ndi zaka 19, n'kutenga nawo World Series, chikho chachikulu cha ligi, mu 2019. Mu 2022 Washington inamulonjeza $440 miliyoni pa zaka 15, iye ndi ejenti wake Scott Boras anakana. Timu itaona kuti mwanayu sadzakhala, mu Ogasiti chaka chomwecho inamutumiza ku San Diego Padres pamodzi ndi Josh Bell. Taonani mtengo wake panthawiyo. Soto anali atatsala ndi masizoni awiri ndi theka asanakhale mfulu, ndipo San Diego inakhuthula nkhokwe yonse ya achisodzera: CJ Abrams, MacKenzie Gore, James Wood, Robert Hassell III, Jarlin Susana, kuphatikizapo Luke Voit. Atatu oyambawo onse afikapo kale pa All-Star Game, gemu ya akatswiri osankhidwa mu ligi yonse, atavala jezi ya Washington.

Mu Disembala 2023 San Diego inamugulitsanso kwa inu. Munthu ndi yemweyo, luso lomwelo, koma tsopano atatsala ndi sizoni imodzi yokha. Mtengo unatsika. Yankees inapereka oponya mpira anayi, Michael King, Drew Thorpe, Jhony Brito ndi Randy Vásquez, komanso wowakha Kyle Higashioka. Akuluakulu a Yankees ankadziwa bwino lomwe chimene akugula: miyezi ya sizoni ya 2024, pamalipiro a $31 miliyoni, basi. Inali lendi, achimwene, ngati ya nyumba. Ndipo walendi analipira bwino: ma home run 41 (kumenya mpira n'kudumpha mpanda wa bwalo) mu sizoni, kenako ina ija ya mu inning (chigawo cha gemu) ya 10 ku Cleveland mu Okutobala, imene inalowetsa Yankees mu World Series koyamba chichokereni 2009. Anasamutsidwa kawiri konse popanda womufunsa. Ulendo wachitatu unali woyamba kuti asankhe yekha, ndipo anasankha $765 miliyoni pa zaka 15 ku Mets, pamene Yankees inaima pa $760 miliyoni pa zaka 16. Mukagawa, kumeneku ndi $51 miliyoni pachaka, uku $47.5 miliyoni. Inuyo kuntchito kwanuko wina atakuwonjezerani chotero, msewu womwewo, osasamuka n'komwe mumzinda, mungakane chifukwa cha anzanu a pa tiyi?

Sindikuti musamve kuwawa. Tsiku limene anabwerera ku Yankee Stadium atavala za Mets, mu Meyi 2025, bwalo lonse linamukuwiza, masapota a kumipando ya kumbuyo kwake anamufulatira, iye n'kungovula chipewa chake chomenyera akumwetulira. Zimenezo ndiye mchere wa masewerowa, ndipo nanenso ndikanakhalapo ndikanakuwa. Kungoti kukuwa ndi kwina, kuwerengera ndi kwina.

Nanga Yankees inatsala ndi chiyani m'manja? Pali kamwambo kotchedwa qualifying offer. Timu imapereka kwa wosewera amene akuchoka kontirakiti ya chaka chimodzi pa mtengo umene ligi yakhazikitsa, ndipo chaka chimenecho unali $21.05 miliyoni. Aliyense ankadziwa kuti Soto akana. Cholinga chake n'choti akakana n'kusaina kwina, timu yakale imapatsidwa mwayi wina wowonjezera pa draft, pamene matimu amasankha anyamata ochokera m'masukulu ndi m'makoleji, ndipo timu yatsopano imalandidwa mwayi wake wina. Popeza Yankees ndi timu yolipira msonkho wa olemera, umene ligi imalipiritsa matimu a malipiro okwera kwambiri, mwayi wake unagwera kutali, pambuyo pa raundi yachinayi. Chipukuta misozi chochepa kwambiri. Komabe osachinyoza kotheratu. Albert Pujols atachoka ku St. Louis, malamulo akadali ena, timuyo inagwiritsa ntchito mwayi umene inalandira kusankha woponya Michael Wacha mu 2012, ndipo chaka chotsatira mnyamatayo ndiye anawatsogolera kulowa mu World Series.

Phindu lenileni la Yankees linali ndalama zimene sinawononge. Pasanathe masiku ochepa inasainitsa woponya Max Fried pa $218 miliyoni zaka 8, inatenga Cody Bellinger ku Chicago Cubs ndi Devin Williams ku Milwaukee posinthanitsa, n'kuwonjezera Paul Goldschmidt kwa chaka chimodzi. Apa ndiye pali mfundo yanu, ndipo ndi yolemera ndithu. Fried anawina magemu 19 m'chaka chimene Gerrit Cole sanaponye olo mpira umodzi chifukwa cha opaleshoni ya chigongono. Bellinger anamenya ma home run 29. Yankees inatsiriza sizoni ya 2025 ndi magemu 94 owina, Mets 83, ndipo Mets sinalowe n'komwe mu ndime ya chipulula. Pakati pa Juni inali ndi mbiri yabwino kuposa timu ina iliyonse, 45 kuwina 24 kuluza, kenako inayamba kutsetsereka mpaka tsiku lomaliza inagonja ku Miami, malo ake n'kutengedwa ndi Cincinnati.

Musanathamangire kukawaonetsa alamu ndime imeneyi, mverani mbali yawo. Soto sanagwetse Mets. Anamenya ma home run 43, kuposa chaka chilichonse m'moyo wake, n'kuba ma base 38 (kuthamangira pa malo oima otsatira osadikira kuti mnzake amenye mpira), chinthu chimene palibe ankamuyembekezera. Chinagwetsa Mets ndi oponya mpira: kuvulala, kutopa msanga, magemu ambiri woyamba kuponya osafika patali. Baseball ili ndi nkhanza imene mpira wamiyendo ulibe. Kumeneko katswiri mukhoza kumamupatsa mpira mphindi iliyonse, koma kuno womenya wabwino chotani amadikira anzake 8 amenye kaye, ndiye amapeza mwayi kanayi kapena kasanu pa gemu yonse. Mutu umodzi susenza denga. Ndipo kumbali yanu si zonse zinayenda: Williams anachotsedwa pa udindo wotseka magemu sizoni itangoyamba, ndipo mu Okutobala Toronto inakutulutsani. Chaka cha Soto munafika ku World Series, chaka chopanda iye munathera panjira. Alamu anu akakumbukira zimenezi mudzasowa poyankha.

Kanthu kena koseketsa, kongodutsa. Pa trade (kusinthanitsa osewera) ija ya 2023, San Diego inaponyerapo Trent Grisham ngati basela, ndipo mu 2024 ankangokhala pa benchi. Mu 2025, Soto atapita, basela uja anamenya ma home run 34. Panalibe katswiri wa pa mbaula amene analosera zimenezo, ine ndemwe.

Tsopano ndikuuzeni mmene ndinapsera. Mu Disembala 2011 Los Angeles Angels inasainitsa Pujols pa $240 miliyoni zaka 10. Munthuyo anali atangotenga World Series ndi St. Louis, womenya woopsa kuposa onse a m'badwo wake. Ine ndinauza aliyense amene anandipatsa khutu kuti chikho chasamukira ku Anaheim, kwawo kwa Angels, mpaka ndinalonjeza mnzanga wina nkhuku. Chimene sindinayang'ane ndi tsiku lake lobadwa: mwezi wotsatira ankakwanitsa zaka 32. Angels inalipira zimene Pujols anachita kale ku St. Louis, n'kulandira miyendo yotopa ndi mapazi opweteka. M'zaka zonsezo timuyo inalowa ndime ya chipulula kamodzi kokha, mu 2014, ndipo Kansas City inaisesa magemu atatu osabwezako. Mu Meyi 2021, kontirakiti isanathe, anamumasula. Timu yomweyo inabwerezanso mu 2019 ndi Anthony Rendon, $245 miliyoni zaka 7, ndipo wakhala nthawi yambiri kwa madokotala kuposa pabwalo. Nkhuku ija ndinaipereka, ndipo chichokereni pamenepo ndikamva dzina lalikulu ndimayamba ndafunsa zaka.

Vuto lake lili m'wotchi ija. Osewera ambiri amalowa mu ligi ali ndi zaka 23 kapena 24, ndiye pofika pokhala mfulu amakhala ali cha m'ma 30, pamene thupi layamba kale kutsika phiri. Zaka zawo zonona amadyeredwa motchipa ndi timu yoyamba, yachiwiri n'kugula makoko pamtengo wa nyama. Soto anasiyana ndi anzake pamenepa. Poti anayamba ali mwana, anafika pamsika ali ndi zaka 26 zokha, zaka zake zabwino zikadali kutsogolo, ndipo luso lake lalikulu ndi diso, kudziwa mpira woti amenye ndi woti ausiye, chinthu chimene chimachedwa kukalamba kusiyana ndi liwiro. N'chifukwa chake mtengo unakwera chotero, ndipo n'chifukwa chake sindingauike m'gulu limodzi ndi wa Pujols. Komabe kontirakitiyo ikutha ali ndi zaka 40. Mets ikudziwa kuti zaka zomalizazo idzakhala ikulipira nkhalamba. Yavomera kudzalira kumapeto pofuna chikho kumayambiriro, ndipo chaka cha 2025, chimodzi mwa zonona zija, chinapita chopanda kanthu. Ngati mukufuna mfundo yolasa alamu anu pamtima, ndi imeneyi, osati ya magemu 94.

Iwonso ali ndi pothawira. Texas Rangers inasainitsa Corey Seager pa $325 miliyoni ndi Marcus Semien pa $175 miliyoni kumapeto kwa 2021. Mu 2022 inaluza magemu 94, anthu n'kumaiseka kuti yataya theka la biliyoni m'chitsime. Mu 2023 inatenga World Series yake yoyamba, Seager ndiye katswiri wa mpikisanowo. Amene anagamula mlandu chaka choyamba anachita manyazi.

Ma trade nawo amaweruzidwa mochedwa chomwecho, mwinanso kuposa. Boston inapereka achisodzera ake odula, Yoán Moncada ndi Michael Kopech, kuti itenge Chris Sale mu Disembala 2016, ndipo mu 2018 Sale ndiye anaponya mpira womaliza wotengera chikho. Timu yomweyo mu Febuluwale 2020, pothawa msonkho ndi kuopa kumutaya ulere, inatumiza Mookie Betts ku Dodgers atatsala ndi chaka chimodzi. Dodgers inamusainitsa zaka 12 pa $365 miliyoni sizoni isanayambe, ndipo watenga nawo zikho zitatu, 2020, 2024 ndi 2025. Kusiyana kwa Betts ndi Soto n'komweku: wina lendi inasanduka nyumba yogula, wina walendi anasamuka. Anthu a ku Boston safuna kumva dzina la trade imeneyi, poti imawakumbutsa bala lakale la Babe Ruth amene anamugulitsa ku Yankees itatha sizoni ya 1919, iwo n'kukhala osalawa chikho mpaka 2004.

Chenjerani ndi manambala akuluakulu a m'mitu ya nkhani, amanama. Shohei Ohtani atasaina ku Dodgers mu Disembala 2023 dziko lonse linafuula $700 miliyoni. Koma pachaka amalandira $2 miliyoni yokha, $680 miliyoni yotsalayo adzaipatsidwa kuyambira 2034 mpaka 2043 popanda chiwongoladzanja. Aliyense amene anakongozapo mnzake ndalama n'kudzabwezeredwa patapita zaka 10 akudziwa kuti ndalama ya mawa ndi yopepuka kuposa ya lero. Ligi yokha imawerengera kontirakitiyo ngati pafupifupi $46 miliyoni pachaka. Ya Soto ilibe kuchedwetsa kulikonse, ndipo $75 miliyoni inali yongosainira. Za kuchedwetsa malipirozi Mets ikuzidziwa bwino: pa 1 Julayi chaka chilichonse imalipira Bobby Bonilla $1.19 miliyoni, munthu amene anawasewerera komaliza mu 1999, ndipo idzaleka mu 2035. Tsiku limenelo muziwatumizira alamu anu uthenga wa mafuno abwino.

Palinso msonkho uja ndautchula. Baseball ilibe malire okhwima a malipiro ngati mpira wa ku America, koma timu ikadutsa mzere, umene mu 2025 unali $241 miliyoni, imalipira msonkho pa ndalama zopitirirazo. Umayamba pa 20 peresenti, umakwera chaka ndi chaka, ndipo kwa timu imene yadutsa zaka zitatu zotsatizana n'kupitirira mzerewo ndi $60 miliyoni umafika 110 peresenti. Mzere womalizawo anthu anaupatsa dzina la mwini Mets, Steve Cohen. Ndiye mukamakalipira timu yanu kuti bwanji sikugula wosewera wa $10 miliyoni yokha, dziwani kuti kwa iwo mwina ndi $21 miliyoni. Sindikuwaikira kumbuyo eni matimu, ambiri ndi oumira dala ndipo msonkhowu ndi chobisalira chawo. Mgwirizano wa eni matimu ndi osewera ukutha pa 1 Disembala 2026, ndipo mgwirizano womwewu unabadwa mu 2022 pambuyo pa masiku 99 a kutsekerana zitseko. Zimenezi zikhoza kuchititsa matimu ena kugwira chikwama mwamphamvu msika uno.

Za mphekesera za pa foni, lamulo langa ndi limodzi: wosewera sanasaine mpaka dokotala atamuyeza ndipo timu italengeza. Mu Disembala 2022 Carlos Correa anagwirizana ndi San Francisco Giants pa $350 miliyoni zaka 13, msonkhano wa atolankhani utakonzedwa kale, n'kuimitsidwa tsiku lomwelo chifukwa madokotala sanakondwe ndi mwendo umene anathyoka mu 2014. Usiku womwewo zinamveka kuti wapita ku Mets pa $315 miliyoni. Nakonso dokotala anapukusa mutu. Mu Januwale anabwerera ku Minnesota kumene anachokera, pa $200 miliyoni zaka 6. Mwezi womwe uja wa Disembala mtolankhani wina wotchuka analemba mothamanga kuti Aaron Judge akupita ku Giants, mpaka kulakwitsa dzina kukhala Arson, n'kufufuta patangopita mphindi zochepa. M'mawa mwake Judge anali wa Yankees, zaka 9, $360 miliyoni.

Yoseketsa koposa inandigwira inenso. Lachisanu lina mu Disembala 2023 kunamveka kuti Ohtani wakwera ndege yapadera kuchoka ku California kupita ku Toronto. Anthu masauzande tinatsegula mapu a pa intaneti olondola ndege, ine nsima ikuzizira pambali, maso pa kandege kakang'ono kakusuntha pang'onopang'ono pa sikirini. Itatera, chitseko n'kutseguka, anatsika wamalonda wa ku Canada Robert Herjavec ndi ana ake. Ohtani anali kunyumba kwake, ndipo tsiku lotsatira analengeza yekha pa Instagram kuti wapita ku Dodgers. Muzidzifunsa kuti mphekesera iliyonse ikupindulira ndani. Ejenti amatulutsa dzina la timu ina kuti mtengo ukwere, timu imatulutsa nkhani kuti masapota aone ngati inayesetsa. Sabata ya Winter Meetings, kumayambiriro kwa Disembala, pamene akuluakulu onse amakhala mu hotela imodzi, ndiye utsi umachuluka kuposa moto.

Mukafuna kudziweruzira nokha, tsegulani Baseball-Reference kapena FanGraphs, n'zaulere. Yang'anani msinkhu wa wosewerayo, magemu amene wasewera m'masizoni atatu apitawa kuti muone ngati ndi wovulalavulala, ndi nambala yotchedwa WAR, imene imayerekeza magemu amene wawonjezera ku timu poyerekeza ndi wosewera wamba wongotoledwa. Kenako funsani ngati akutseka dzenje limene timu yanu ilidi nalo. Kugula womenya wachitatu pamene mulibe oponya n'kugula ndiwo zambiri ufa mulibe.

Kubetcha kwa $300 ine ndikukuletsani, ndipo chifukwa chake si chakuti mungaluze kokha. Sizoni ili ndi magemu 162, timu yabwino kwambiri imaluzabe pafupifupi 60, kenako matimu 12 amalowa ndime imene magemu atatu kapena asanu amatha kufafaniza ntchito ya miyezi 6. Arizona inawina 84 yokha mu 2023 n'kufika ku World Series. Milwaukee, ndi chikwama chake chaching'ono, inawina 97 mu 2025 kuposa onse, n'kudzasesedwa ndi Dodgers magemu anayi. Mu Novembala palibe akudziwa kanthu. Ndipo ndalama pakati pa munthu ndi mlamu wake imakhala ndi mchira wautali, imadzatulukira pamaliro kapena paukwati. Betcheranani kuti woluza adzawotcha nyama atavala jezi ya mnzake, zithunzi n'kutumiza kumudzi.

Pali pamene nkhaniyi imasiya kukhala ya masewero. Mukaona kuti mwayamba kubetcha pa foni mobisa kwa mayi, kuti mwagwirako ndalama ya lendi kapena yoti mutumize kumudzi, kapena mukubetchanso pofuna kubweza imene yapita, musadikire kuti zikule. Uzani munthu amene mumamukhulupirira, ndipo kumene muliko kuli nambala yaulere, 1-800-GAMBLER, imene amathandiza anthu a vuto limeneli mwachinsinsi. Chimodzimodzi ngati mawu pakati pa inu ndi alamu ayamba kutuluka m'bwalo n'kukhudza za banja, pezani wamkulu wa kwanu kapena wa kumpingo akukhazikeni pansi. Mayi akafika poika lamulo patebulo ndiye kuti anaona kanthu kamene inu awiri simunakaone, ndipo ine ndili mbali yawo.

Jezi ija musaitaye kapena kuiotcha monga anachitira ena. Ndi ya sizoni imene munafika ku World Series. Ulendo wina musanagule, yang'anani zaka zotsala pa kontirakiti ya mwini dzina; ya Judge, nambala 99, ikufika 2031. Kapena ipatseni alamu anu, poti ku Mets nako Soto akuvala 22 yomweyo. Nambalayo inali ya Brett Baty, ndipo Soto anamuthokoza pomugulira galimoto, Chevrolet Tahoe yatsopano. Powapatsapo muwauze kuti mlandu mwauimitsa mpaka kumapeto kwa sizoni ya 2029. Pamenepo kontirakiti imalola Soto kutulukamo, pokhapokha Mets itawonjezera $4 miliyoni pachaka pa zaka 10 zotsalazo. Mudzakhale pansi awiriwiri, mayi atapita kokacheza, muwerenge zikho zimene zalowa ku Queens, kwawo kwa Mets, ndi zimene zalowa ku Bronx.